Majezi a Pachithunzi

Ku msika wa Makoni, kufupi ndi mzinda wa Harare, pamzere wa amayi ogulitsa masamba ndi tomato, aliyense ankadziwa kuti Lachitatu ndi Loweruka dzuwa likangopendeka, Tryness amasiyira mnzake benchi n'kukwera kombi, minibasi ya ku St Mary's. Sankathamangira kukaphika ayi. Ankathamangira atsikana ake a mpira wamiyendo, amene ankamudikira pa kabwalo kafumbi kuseri kwa nyumba za m'mphepete mwa dambo, pamalo pamene kale anthu ankatayapo zinyalala. Mabotolo osweka ndi matewera otayidwa anatola okha atsikanawo. Magolo anawotcherera ndi a Morris, amuna ake a Tryness, kuchokera ku mapaipi akale.

Tryness anabadwira ku St Mary's komweko, mdzukulu wa munthu wa ku Dedza amene anabwera kudzathyola fodya m'mafamu osabwereranso kwawo. Ali mtsikana, mpira unkamumvera. Aphunzitsi atamusankha kuti akayesedwe ku timu ina ya ku Harare, bambo ake anakana kwamtuwagalu. Anati mwana wamkazi wotukula miyendo pagulu sapeza banja, ndipo nsapato za mpira zimene sukulu inamupatsa anazitenga n'kupatsa mlongo wake, mnyamata amene ankathawa mpira ngati njuchi. Mlongoyo anazithera m'misewu, osamenya nazo mpira ndi kamodzi komwe. Tryness anakula, anakwatiwa, anabereka, koma nkhani ya nsapatozo sinamuchoke pakhosi.

Timu yake anaitcha Nyenyezi. Ambiri mwa atsikanawo anali a m'mabanja ngati lake, adzukulu a anthu a ku Malawi, omva Chichewa bwinobwino koma oyankha m'Chishona. Iye akakalipa kuti, "Thamanga iwe, miyendoyo wabwereka?" iwo ankabweza kuti, "Ndaneta, Kochi," kunena kuti atopa, koma n'kumathamangabe.

Pa onsewo, amene Tryness anamuvutikira kwambiri anali Primrose. Mtsikanayu anali ndi mwendo wamanzere woti akamenya mpira, goloboyi ankangomva mphepo ikumudutsa. Koma ali Fomu 3 anapatsidwa mimba ndi mwamuna wina woyendetsa galimoto, wa msinkhu wa bambo ake, amene atangomva nkhaniyo anazemba kupita ku Joni. Mwamunayo palibe anamuloza chala. Primrose ndiye anasiya sukulu, anasiya mpira, anasiyanso kutuluka pakhomo, kupatula popita kumjigo m'mamawa anzake asanadzuke. Mwana atabadwa anamutcha Kuda. Kudayo atayamba kukhala pansi yekha, Tryness anapita kukagogoda kwawo kwa Primrose.

"Ndabwera kudzatenga wosewera wanga," anauza mayi ake a Primrose.

"Mai Tanya," anayankha mayiwo, pomuitana Tryness ndi dzina la mwana wake woyamba, "anthu atiseka mokwanira. Mukufuna akatisekerenso pabwalo?"

Primrose anali pakona atayamwitsa mwana, maso pansi. "Ndinonyara, Kochi," anatero motsitsa mawu. Ankanena za manyazi.

"Manyazi akhale ndi amene anathawa," anatero Tryness. "Iwe sunathawe. Mwanayu ukumulera. Ndani anakuuza kuti mwendo wamanzere umatuluka limodzi ndi mwana?"

Tsiku limenelo Primrose sanabwere. Tryness anapitanso, napitanso, mpaka agalu a pakhomopo anasiya kumuuwa. Kenako Loweruka lina mtsikanayo anatulukira pa kabwalo kaja, mwana kumsana, nsapato m'manja. Tryness anangomasula Kuda, n'kumubereka yekha, n'kuliza wenzulo. Kuyambira pamenepo anthu a m'njira anazolowera kuona mphunzitsi wa mpira akuthamanga m'mbali mwa bwalo, khanda likugwedezeka kumsana kwake. Primrose anayamba ndi kupuma movutika, thupi litalemera, koma miyezi itapita mwendo uja unabwerera. Anayambanso kufunsa za kulemba mayeso a Fomu 4.

Bwalo lalikulu la m'deralo, lakapinga, linali m'manja mwa komiti ya zamasewera, ndipo wapampando wake anali a Cyprian, achimwene ake a Morris. Zaka zonsezo atsikana sanaponde pa kapingayo. Ndiye Tryness anadabwa tsiku lina madzulo kuona a Cyprian akulowa pakhomo pake akumwetulira mano onse.

"Mlamu, mwayi wagwa," anatero atakhala pansi. "Kampani ina ya zakumwa ikuthandiza mpikisano wathu chaka chino, ndipo ikufuna kuona atsikana. Akubweretsa majezi atsopano. Mudzasewera ndi atsikana a ku dera la Unit C, pabwalo lalikulu, dzuwa lili paliwombo, alendo akuonerera."

"Alamu, si inu munati atsikana amawononga kapinga?"

"Zakale zimenezo, mlamu. Dziko likusintha."

Mtima unamukayikitsa Tryness, koma atauza atsikana mawa lake n'kuona mmene anakuwira ndi kulumphira, anadziuza kuti mwina mlamu wake wakuladi. Mwezi wathunthu anakonzekera. Amayi ena anasoka zigamba pa akabudula, ena anabwereka nsapato kwa achibale. Mayi ake a Primrose nawo analonjeza kuti akatsiriza kugulitsa mabanzi adzabwera kudzaona mwana wawo.

Tsikulo linafika mvula itagwa dzulo lake, bwalo lili chinyontho, pakati pali zithaphwi. Atsikana a Nyenyezi anafika m'mawa, tsitsi ataluka bwino. Asanaike ndi zikwama pansi, a Bothwell, mlembi wa komiti, anawaitana.

"Vasikana, atsikana inu, bwerani kuno! Mipando ili ku holo uko, ikufunika pano. Ena tengani zigubu mupite kumjigo. Awiri atatu akathandize amayi kusenda mbatatesi."

Tryness anayang'ana pansi pa mtengo wa mthethe. Anyamata a matimu onse anali pamthunzi, ena atagona chagada, ena akuongola miyendo, ena akusewera ndi mafoni.

"Nanga aja alibe manja?" anafunsa.

"Aja akusewera, Mai Tanya. Asatope."

"Awa abwera kudzatani?"

A Cyprian anatulukira msangamsanga, atavala suti, n'kumugwira paphewa. "Tithandizane, mlamu. Ndi tsiku lanu lomwe ili. Alendo apeze zinthu zili m'malo."

Tryness anawalola. Atsikana anasenza mipando, anakoka zingwe za tenti, anatunga madzi mpaka makosi kuuma. A ku Unit C atafika anapatsidwa ntchito yomweyo. Mphunzitsi wawo anali Florida, mayi wamtali wokonza tsitsi, amene ankasewera ndi Tryness ali pasukulu. Sankamwerana madzi kwenikweni, chifukwa Florida ndi amene anamuthyola Tryness dzino ndi chigongono pa mpira wina wakale, osapepesa. Anangopatsana moni wa pamwamba, aliyense n'kuyang'ana kumbali.

Alendo anafika pa galimoto yoyera: mayi wina wa kukampani, wovala nsapato zoti matope sanaziwonepo, ndi mnyamata wojambula zithunzi. Katoni ya majezi itatsegulidwa, atsikana anaiwala makosi. Majezi achikasu a Nyenyezi, obiriwira a Unit C, onunkhira chatsopano, a manambala kumsana. Ena anawanunkhiza asanavale. Primrose anavala yake mwana ali m'chiuno, chifukwa mayi ake anali asanafike, ndipo kwa nthawi yoyamba Tryness anamuona akuseka mpaka usinini kuonekera.

Wojambula atayamba kuwaika pamzere, a Cyprian anamukokera Tryness pambali.

"Uyo wamwanayo asaoneke pachithunzi."

"Mwati chiyani, alamu?"

"Mwamva. Alendowa akufuna atsikana achitsanzo. Akaona khanda adzati tikulera chiyani kuno? Aime kaye kuseri kwa tenti."

"Ndiye wosewera wanga wamkulu ameneyo. Anagwa, wadzuka yekha. Chitsanzo china mukuchifuna chotani?"

"Mlamu, musakweze mawu."

Koma Primrose anali atamva kale. Kuseka kuja kunazima ngati nyali yothiridwa madzi. Anavula jezi pang'onopang'ono, mwana akumukoka tsitsi, anaipinda bwino, anaibwezera m'katoni, n'kupita kuseri kwa tenti osatembenuka.

Tryness anafuna kuwachotsa atsikana onse pamzere nthawi yomweyo. Koma anaona nkhope zawo, anaona kapinga uja amene anamulota mwezi wonse, ndipo anaganiza kuti chithunzi n'chakanthawi, chachikulu ndi mpira. Anakana kuima nawo pachithunzicho. Pamalo pake panaima a Cyprian, dzanja lina pa mpira, lina paphewa la Vongai, kaputeni wa Nyenyezi.

Kenako a Cyprian anatenga chinkuzamawu. Analankhula Chingelezi, analankhula Chishona, anathiramo ndi Chichewa kuti agogo omwe anali pamenepo amve. Anati mwana wamkazi ndiye tsogolo la dziko. Anati komiti yawo yawalera atsikanawa kuyambira ali aang'ono, kuwachotsa m'misewu, kuwaphunzitsa mwambo. Anati majezi awa ndi a atsikana, umboni wakuti ku St Mary's mwana wamkazi salira. Anthu anawomba m'manja. Mayi wa kukampani anapukuta kamsozi. Tryness anaima kumbuyo, zala atazifinya m'chitenje, akuyang'ana munthu amene sankadziwa dzina la mtsikana ndi mmodzi yemwe pa amene ankati wawalerawo.

Alendo anadya, anakwera galimoto yawo, n'kupita. Dzuwa linafika paliwombo, linadutsa. Pabwalo panalowa anyamata. Atatha iwo panalowa anyamata ena.

"Mukubwera pambuyo pa awa," ankatero a Bothwell nthawi iliyonse Tryness akafunsa.

Chakudya chinathera kwa akuluakulu ndi anyamata. Atsikana anapatsidwa mbale zoti atsuke. Tryness anatenga za m'thumba mwake n'kuwagulira maputi kwa amayi ogulitsa m'mbali mwa bwalo, chimanga chokazinga chija chongopusitsa mimba. Anapita kuseri kwa tenti kukamupatsa Primrose. Anamupeza atakhala pa chigubu, mayi ake atafika tsopano.

"Ndinakuuzani, Mai Tanya," anatero mayiwo, osakalipa, ndipo kusakalipako n'kumene kunapweteka.

Mithunzi itayamba kutalika, a Bothwell anabwera atanyamula katoni ija.

"Vasikana, vulani majezi. Pindani bwino, musadetse."

Atsikana anayang'anana. Tryness anaganiza kuti khutu lamunamiza.

"Avule chifukwa chiyani? Sanasewere."

"Majeziwa ndi a anyamata athu, akupita nawo ku Harare sabata yamawa. Za mpira wanu, nthawi yatha. Pano pakulowa madala. Mudzasewera tsiku lina."

Tryness anatembenuka. Madalawo anali atayamba kale kulowa pabwalo, amuna amimba zawo, ena botolo la mowa lili m'manja, timu yongosewera kuti apeze chifukwa chomwera. Anaona Vongai atagwira m'munsi mwa jezi, misozi ili m'maso, akuyamba kuikweza. Pamenepo Tryness anakumbukira nsapato zake zija zili kumapazi a mlongo wake, ndipo chimene anachimeza tsiku lonse chinakana kutsika.

"Vongai, tsitsa jezi imeneyo!"

Anapita molunjika ku tenti kumene a Cyprian anakhala ndi anzawo a komiti.

"Alamu, atsikanawa munawaitanira chiyani?"

"Mlamu, tikambirana kunyumba."

"Tikambirana pompano, chifukwa mwawanamizira pompano. Asenza mipando yanu. Atunga madzi anu. Atsuka mbale zimene sanadyeremo. Mwawaveka majezi ngati zidole za m'sitolo kuti mlendo ajambule, mlendo wapita, mukuwavula. Mwana wa eni mwamubisa kuseri kwa tenti ngati chinyalala, pamene mwamuna amene anamulakwira, akanabwera lero, mukanamupatsa mpando ndi mbale ya nyama. Ndiye mwaima apa n'kumati mwawalera. Tchulani dzina la mmodzi. Mmodzi yekha, alamu!"

A Cyprian anaimirira, nkhope itada.

"Ndinu mkazi wa mng'ono wanga inu. Musandichititse manyazi pagulu."

"Manyazi mwadziphikira nokha. Ine ndangovundukula."

"Bwalo ili ndi la komiti. Ndanena kuti atsikana sasewera, ndiye kuti sasewera."

Tryness anachoka pa tentipo. Sanadziwe kuti achita chiyani. Atakweza maso anaona Florida atagwada, akumanga zingwe za nsapato za goloboyi wake.

"Ine sindinalipire kombi kuchoka ku Unit C kudzatsuka mbale," anatero Florida osayang'ana m'mwamba. "Ukuti bwanji?"

"Dzino langa sindinaliiwale," anatero Tryness.

"Usaliiwale. Koma lero si tsiku lake."

Amayi awiriwo anasonkhanitsa matimu onse awiri m'mbali mwa bwalo n'kuwauza kuti alowe. Koma atsikana anaima pamzere ngati pali mtsinje. Mkatimo munali amuna akuluakulu, ena anansi awo, ena a kutchalitchi kwawo, ena amalume awo enieni. Mwana woleredwa bwino amalowa bwanji pamene wamkulu wati usalowe? Tryness anawakuwira, Florida anawakuwira, koma mapazi anakana.

Amene anadutsa pakati pawo anali Primrose. Kuda anali atamusiya m'manja mwa mayi ake. Anapita kwa a Bothwell, amene anali atagwirabe katoni, anapisamo dzanja, anatulutsa jezi yake n'kuivala iwo akuyang'ana kukamwa kuli yasa. Anatola mpira pamapazi a Vongai, anayenda nawo m'matope mpaka pakati penipeni pa bwalo, anauika pansi n'kuuponda ndi mwendo wamanzere.

Mdala wina wa ndevu zaimvi anaseka. "Iwe, pita ukayamwitse mwana uko!"

Anzake anaseka naye. Primrose anamuyang'ana m'maso. Tryness anali asanamumvepo mtsikanayu akulankhula Chichewa, koma tsiku limenelo anayankha m'chinenero cha agogo ake, mawu omveka mpaka ku tenti.

"Ndayamwitsa kale, bambo. Tsopano ndikusewera."

Nthungululu yoyamba inachokera kwa mayi ake a Primrose, mwana ali m'manja. Amayi ogulitsa maputi ndi chimanga chootcha anailandira. Vongai analowa akuthamanga, achikasu onse pambuyo pake, obiriwira nawo osatsala. Kenako analowa amayi, osati kudzasewera koma kudzaima pamaso pa amuna aja, zitenje atamanga m'chiuno. Ena mwa amunawo anakumana ndi akazi awo omwe.

"Tulukani, bambo a Lisnet," anatero mayi wina kwa mdala wa ndevu zaimvi uja. "Mimba imeneyo ingokuphulikirani pano. Mwana wanu wasenza mipando kuyambira m'mawa, inu muli pa botolo."

Madala anang'ung'udza, anatukwana chapansipansi, koma mmodzimmodzi anatuluka. A Cyprian analetsa woyimbira mpira kuti asalowe, ndipo woyimbirayo anapinda manja n'kukhala pansi. Tryness anatulutsa wenzulo wake. Anagwirizana kuti Florida ayimbire chigawo choyamba, Tryness chachiwiri.

Mpira umenewo sunali wokongola. Atsikana anali ndi njala, miyendo italema ndi zigubu, ndipo kapinga amene ankamulota uja anali woterera ngati therere. Anagwa, anadzuka, anagwanso. Majezi achikasu ndi obiriwira onse anasanduka amtundu umodzi, wa matope. Koma anthu amene anali atayamba kubwerera kunyumba anatembenuka. Anyamata a pansi pa mthethe anasiya mafoni.

Chigawo choyamba chili pafupi kutha, Vongai anaponya mpira wautali kumanzere. Primrose anaulandira pachifuwa, anazemba mtsikana mmodzi, anazemba wina, n'kuumenya asanafike ndi m'bokosi momwe. Goloboyi wa Unit C anadumpha mpira utagunda kale ukonde. Bwalo linaphulika. Primrose sanathamange, sanavine. Anangoima pomwepo, manja m'chiuno, akupuma, akuyang'ana ku tenti, mpaka anzake anamugwetsera m'matope ndi chimwemwe.

Chigawo chachiwiri a Unit C anabweza chigoli. Ndiye chakumapeto, mpira uli pamzere wa golo ya Nyenyezi, Vongai anautchinga ndi dzanja. Anthu ambiri sanaone. Tryness anaona. Wenzulo anamulemera pakamwa, koma analiza, n'kuloza pa penate.

"Kochi!" analira Vongai.

"Dzanja ndi dzanja, mwanawe. Tanamizidwa tsiku lonse, tisayambenso kunamizana tokha."

A Unit C anagoletsa, ndipo mpira unatha iwo atapambana. Atsikana a Nyenyezi analira, kenako anayang'anana mmene matope anawasandutsira n'kuyamba kuseka, kulira ndi kuseka pamodzi. Anabwerera kunyumba akuimba, majezi ali m'thupi. A Bothwell anatsala ndi katoni yopanda kanthu.

Mawa lake, anthu atatuluka m'tchalitchi, a Cyprian anafika kwa mng'ono wawo. Tryness anawaikira tiyi monga mwa mwambo. Iwo sanamuyang'ane. Analankhula ndi a Morris ngati mkaziyo ndi mpando.

"Morris, mkazi wako wandinyoza pamaso pa anthu. Ndikufuna majezi aja achapidwe, asitidwe, abwere kwanga. Ndikufunanso apepese pamaso pa komiti."

"Majezi aja anaperekedwa pagulu, alamu," anatero Tryness. "Ngati pali kukayika kuti ndi a ndani, tiyeni tonse kwa mayi wa kukampani uja tikamufunse. Ndikamuuzanso za mwana amene sanaoneke pachithunzi."

"Ndikulankhula ndi mwamuna wako."

A Morris anali munthu wa mawu ochepa, wozolowera kuvomera achimwene awo kuyambira ali mwana. Anazunguza supuni m'kapu nthawi yaitali.

"Achimwene," anatero potsiriza, "ine ndinalipo. Ndinamva ndi makutu anga mukunena pa chinkuzamawu kuti majeziwo ndi a atsikana. Kapena chinkuzamawucho n'chimene chinanama?"

A Cyprian anatuluka tiyi osamukhudza. Za majezi sanazitchulenso, koma komiti inalengeza kuti timu ya Nyenyezi isadzapondenso pabwalo lalikulu. Achibale anagawanika. Alongo awo a Morris anasiya kumuyankha Tryness moni, akuti mkamwana wolalatira mlamu wake ndi wosaleredwa. Palibe mwa iwo anafunsa kuti analalata chifukwa chiyani.

Zimenezo Tryness akanapirira. Chimene chinamuswa mtima chinachitika Lachitatu lotsatira. Atatsika kombi anapeza atsikana ataima pa kabwalo kawo kafumbi. Magolo a mapaipi aja anali atazulidwa, atatayidwa m'dambo. Pamalopo panali mipanda ya waya ndi chikwangwani chonena kuti pakhala poimika magalimoto usiku. Amene anazula palibe anamuona. Amene analoleza palibe anamudziwa. Malo amene kwa zaka anali dzala lonunkha, opanda mwini, anapeza mwini atayeretsedwa ndi manja a ana aakazi.

Tryness anakhala pansi pa mwala. Kwa nthawi yoyamba atsikana anaona mphunzitsi wawo akulira, ndipo sikunali kulira kwachisoni, kunali kwa munthu amene mkwiyo wamusowetsa pogwira. Primrose ndi amene anavula nsapato, n'kulowa m'dambo, n'kuyamba kukoka paipi. Anzake anamutsatira. Anasenza magolowo mpaka kunyumba kwa a Morris.

Florida atamva anaimba foni. Anati kufupi ndi kwawo ku Unit C kuli bwalo la sukulu ina limene mphunzitsi wamkulu, mayi, anawalola kuseweramo Loweruka lililonse masana. Anati malo alipo okwana matimu awiri, bola a St Mary's asamadandaule akagonja.

Kunali kutali. Ena anakwera kombi, ambiri anayenda wapansi. Koma mbiri ya mpira wa m'matope uja inali itafika patali, ndipo Loweruka limenelo kunabwera atsikana ochuluka kuposa mipira imene inalipo, ena aang'ono oti jezi ingawafike m'mawondo. Tryness anamuitana Primrose.

"Ang'onoang'onowa ndi ako. Uwaphunzitse kuimitsa mpira, ndipo wina akagwa usamudzutse msanga, adzuke yekha."

"Ini, Kochi?" anafunsa Primrose, akudziloza pachifuwa.

"Iwe amene. Mayeso ako ukulembabe, usaganize kuti ndaiwala."

Anali asanagawe ndi magulu omwe pamene galimoto ziwiri zinaima pachipata. Munatuluka amuna ovala akabudula, atanyamula mpira ndi bokosi la zakumwa. Analowa pabwalo akucheza, osayang'ana kumanja kapena kumanzere, ndipo mmodzi anayamba kuwakusa atsikana ndi dzanja ngati nkhuku zalowa m'munda.

Florida anatukwana chamumtima. Tryness anamanga chitenje mwamphamvu, anapuma kwambiri, n'kuyamba kuyenda. Koma Primrose anali kale kutsogolo kwake, tiana tija tili pambuyo pake ngati anapiye.

"Masikati, madala," anawapatsa moni wa masana mwaulemu wonse. "Bwaloli Loweruka masana ndi lathu. Mukafuna kuonerera, mthunzi uli apo."